Anyamata athu asamapite ku Joni opanda mapepala

A Mkonzi,

Ndilembako za anyamata athu kuno ku Chipata amene akungoti tipite ku Joni basi, ena agulitsa mpaka njinga ndi nkhumba za makolo kuti apeze ya basi. Sindikana ai, ntchito kuno zavuta, koma Johannesburg si Lusaka. Ulendo wake ndi wautali, Chirundu, kudutsa Zimbabwe yonse mpaka Beitbridge, ukatsika pa Park Station palibe okudziwa, chipinda ku Hillbrow kapena Yeoville renti yake ndi ma rand mwezi ndi mwezi ndipo mumagona anthu ambiri mogawana ndi makatani, mphwanga anakhalako choncho.

Chomwe chindiwawa kwambiri ndi mapepala. Pasipoti yolowera ngati mlendo siikulola kugwira ntchito, pafunika pemiti, ukalibe abwana amakulipira zomwe afuna ndipo sungadandaule kulikonse chifukwa ukuopa apolisi. Tisaiwalenso ziwawa zomenya alendo za 2008, 2015 ndi 2019.

Makolo chonde, mwana asanakwere basi funsani ntchitoyo ili kuti, wamuitana ndani, ndipo asunge nambala ya ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria. Nanunso a Mkonzi muzilemba nkhanizi pafupipafupi, mawailesi a kuno aziulutsanso m'Chinyanja.

Ine wowerenga wanu,
Kapata, Chipata