Sakakamira Chevrolet kapena Dodge mwachisawawa

A Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu ija yonena kuti okonda galimoto zakale zamphamvu za ku America amakakamira mtundu umodzi chifukwa cha chikondi chabe. Chimawamanga ndi masipeya komanso luso lomwe adalipeza movutikira.

Injini ya Chevrolet ya V8 yaing'ono idayamba mu 1955, ndipo zipangizo zambiri za masaizi ake osiyanasiyana, monga 283, 327 ndi 350, zimalowana. Munthu amene wadzaza shelefu ndi zimenezi akagula Ford Mustang amayambiranso pachiyambi: giyabokosi sigwirana ndi injini, distributor (chogawa moto ku mapulagi) ili kutsogolo pomwe ya Chevrolet ili kumbuyo, ngakhale marimu salowa, poti mabowo a mabawuti a Chevrolet adazungulira bwalo la mainchesi 4.75 m'mimba mwake, a Ford 4.5.

Za luso ndiye zenizeni. Dodge ndi Plymouth za m'ma 1960 zili ndi manati a matayala akumanzere omasulira chakumanja. Makaniko wosadziwa amakanikiza sipanala mpaka bawuti kuthyoka. Galimoto zomwezi zikamalira kenako n'kuzima mukangosiya kiyi, mwini wake wozolowera amathamangira ballast resistor, kachipangizo kamagetsi kotchipa komwe ambiri amayenda nako kapadera, pomwe mlendo amayamba kumasula kabuleta yosalakwa. Zoterezi munthu sataya dala.

Pempho langa nlakuti mukamalembanso za galimotozi muzifunsa amakaniko, ndipo muzitchula injini yake, chaka chake ndi masipeya olowana nayo, makamaka pa Pontiac ndi Plymouth zomwe zidaleka kupangidwa.

Wowerenga wanu