Makobiri a malemu bambo achotsetsa mayi pa chimanga cha boma

Alangizi,

Ndikulemba pakati pa usiku, tulo tandithawa. Mayi anga ndi okalamba, amakhala kumudzi kufupi ndi Jali pamodzi ndi ana atatu a malemu mchemwali wanga. Chikokolokereni munda ndi namondwe wa Freddy mu 2023 sadakololenso zokwanira, ng'amba ya 2024 idangodzamaliza. Chimawapulumutsa ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 lomwe limabwera nthawi ya njala. Ulendo uno dzina lawo palibe.

Gwero lake ndi kachitini. Malemu bambo adali mesenjala Zomba idakali likulu, ndipo adasiya makobiri akale: mapeni obowoka pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, komanso masheleni a 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu, omwe ankagwira ntchito kwacha isadabwere mu 1971. Mwezi wathawu ndidakumana ndi bambo wina pamsika wa Zomba amene amagula zoterezi, ati kunja kuli anthu amazisonkhanitsa. Ndidamugulitsa mapeni ochepa chabe. Ndalama zake sizidakwane ngakhale ndowa ya chimanga, ndipo zina zidapita ku vuto langa lomwe sindingalitchule pano.

Koma alamu anga, akazi a achimwene! Ndiwo adamwaza mbiri pamjigo kuti mayi agulitsa makobiri a mamiliyoni. Munthu yemweyu adabwereka poto wanga wamkulu pamaliro a mchemwali, nkumubweza wopanda chivundikiro, mpaka lero osapepesa, ine ndidangokhala chete posunga ulemu. Lero wakuba ndakhala ine. Amagula mankhwala a BP a mayi ndani? Achimwenewo ali ku Johannesburg, foni sayankha.

Amfumu akuti mayina imasankha ndi komiti. Akomiti akuti pitani kwa amfumu. Mayi nawo akungondiyankha mwachidule, ati chitinicho ndi chikumbutso cha amuna awo, sichinali cha malonda. Nanga ana aja adya chikumbutso? Chikundipweteka kwambiri n'choti akhulupirira mpongozi wawo kusiya ine mwana wawo wobala.

Ndithandizeni. Kodi munthu angachotsedwe pa thandizo la chakudya chifukwa cha mphekesera chabe? Dandaulo lotere limapita kuti, kwa DC kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu? Wogula uja akuimba foni tsiku ndi tsiku, akufuna chitini chonse. Ngati makobiriwa ndi achabechabe monga adandiuzira, akulimbikiranji chonchi? Ndigulitse otsalawo mayi asakudziwa kuti ana adye, kapena ndiwabweze? Nanga alamuwa ndikawasumire kwa ankhoswe awo, kapena ndidikire mwini wake abwere ku Joni?

Ine wothedwa nzeru,
Zomba