Thupi likazizira si kuti wodwala dengue wachira

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze azaumoyo komanso amalonda athu amene amadutsa pa Songwe kupita ku Dar es Salaam kukapikula katundu kapena kukatenga magalimoto padoko. Mumzindawu munabuka mliri wa dengue, matenda otenthetsa thupi kwambiri, mu 2014 ndi mu 2019, ndipo mu 2014 momwemo matendawa anavutanso ku Pemba m'dziko la Mozambique. Amafala ndi udzudzu wa Aedes aegypti, wa timizere toyera m'miyendo, umene umaluma masana munthu ali kunja kwa masikito.

Ambiri odwala dengue amachira okha pakatha sabata, choncho ntchito yaikulu ya dokotala ndi kuzindikira msanga ochepa aja amene matendawa angawatenge. Chovuta n'chakuti nthawi yoopsa imafika pamene thupi layamba kuzizira, kawirikawiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, pamene achibale akuganiza kuti wodwala wayamba kupezako bwino. Pa maola 24 mpaka 48 amenewo madzi a m'magazi amatha kuchucha kutuluka m'mitsempha n'kudzaza m'mimba ndi m'chifuwa, magazi n'kukhuthala, manja ndi mapazi n'kuzizira, munthu n'kukomoka.

Mu 2009 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatchula zizindikiro zochenjeza: kupweteka kwambiri m'mimba, kusanza kosalekeza, kutuluka magazi m'nkhama kapena kamfuno, kulefuka kapena kusakhazikika, ndi kutupa kwa chiwindi. Ku labotale amaona ngati magazi akukhuthala pamene ma platelet, tizigawo tothandiza magazi kuundana, akutsika mofulumira. Kuyeza kamodzi kokha sikuuza dokotala zambiri, chifukwa chofunika ndi kuona kumene manambala akulowera lero poyerekeza ndi dzulo. Makanda, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala shuga ayenera kuyang'aniridwa mwapadera, chimodzimodzinso amene anadwalapo kale, popeza kachilombo ka dengue kali ndi mitundu inayi ndipo kudwala kachiwiri ndi mtundu wina n'koopsa kuposa koyamba. Wamalonda woyenda ulendo womwewo chaka ndi chaka ayenera kuganizira mfundo imeneyi mofatsa.

Kwathu kuno munthu akatentha thupi timathamangira kuti ndi malungo, ndipo akayezedwa osapezeka nawo, ambiri amangogula aspirin kapena Brufen pagolosale. Mankhwala amenewa amawonjezera kutaya magazi kwa wodwala dengue, ndipo oyenera ndi Panado basi.

Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti azachipatala, makamaka a ku Karonga ndi Mzuzu, azifunsa wodwala aliyense wotentha thupi ngati watuluka m'dziko m'masabata awiri apitawo. Wokayikiridwa auzidwe zizindikiro zija asanatuluke pakhomo la chipatala, ndipo azibwera tsiku lililonse kudzayezedwa magazi mpaka patadutsa masiku awiri thupi litazizira. Amene waonetsa chizindikiro ngakhale chimodzi agonekedwe, alandire madzi a diripu moyezedwa bwino, pakuti madzi opitirira muyezo nawonso amadzaza m'mapapo.

Wowerenga wanu,
Karonga