Kalata yochokera ku Harrismith: za thole lafa ndi ndalama za khola

Pafamu, kufupi ndi Harrismith, ku South Africa
29 Julaye 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mpongozi wanu ndi ana. Ine kuno ndadzuka, chifuwa chija chatsika, ndipo malipiro ndinalandira Lachisanu. Moni wa anthu ena onse a ku Lusangazi mundiperekere ndinu, chifukwa ndakhala pansi usiku uno ndi nkhani imodzi imene yandisowetsa tulo.

Mlongo wanga anandiuza pa WhatsApp kuti thole lija linafa sabata ziwiri zapitazo, ndiponso kuti ng'ombe imene inkatipatsa malita 12 patsiku tsopano ikuvutika kufika 5. Nditamufunsa mng'ono wanga, anandiyankha ndi mawu awiri okha akuti ndi kuzizira. Amayi, mwezi wa Epulo ndinatumiza R3,500 pa Mukuru, ndipo ndinanena momveka bwino kuti ndi ya malata asanu ndi atatu, matabwa otchingira mbali yolowera mphepo ya mwera, simenti yapansi pa khola ndi matumba a madeya. Mu Meyi ndinawonjezera R1,200 yolipira aganyu omweta udzu ndi kututa mapesi. Koma pachithunzi chimene ndalandira, denga la khola ndi pepala lakuda lomwe lija ndinalisiya, ndipo ng'ombe yaima m'matope ofika m'maondo. Malata aja ali kuti?

Sindikukana kuti ku Mzuzu kumazizira. Ndinakulira komweko, ndipo nkhungu ya m'mawa ndi mawawa a Juni ndi Julaye ndikuzidziwa, ngakhale mmene mano amagwedezekera munthu akamadutsa ku Chikangawa usiku. Koma kuno ku Free State n'kumene ndaona chisanu chenicheni. M'mawa uliwonse udzu umakhala woyera ngati wathiridwa ufa, ndipo ntchito yanga yoyamba ndi kuswa madzi oundana m'zomwera za ziweto ndi chitsulo, apo ayi nkhosa zikhala ndi ludzu madzi zikuwaona. Sabata yatha paipi ya kukhola inaphulika chifukwa madzi anaundana m'kati mwake. Tikayang'ana chakummwera, mapiri a ku Lesotho avala chipale chofewa. Chaka chatha mu Seputembala 2024, pamene tonse tinkati nyengo yozizira yatha, chipale chinatseka msewu waukulu wa N3 pa Van Reenen, anthu n'kugona m'magalimoto usiku wonse, ndipo ife tinakhalira kufukula nkhosa zimene zinaunjikana pampanda. Ngakhale zili choncho, pafamu pano mathole sakufa chisawawa, ndipo chifukwa chake si mankhwala ayi. Bwana amayamba kukonzekera chisanu dzuwa likadali kuotcha, udzu timamweta ndi kumanga mabelo mvula isanathe, ndipo tikakolola chimanga ng'ombe zimalowetsedwa m'mapesi munda ndi munda, osati kuzisiya zipondereze ponseponse tsiku limodzi.

Chimene ndaphunzira kuno, chimene ndinkafuna kuti chichitike kwathu ndi ndalama ija, ndi ichi: chiweto chimapirira kuzizira ngati chili chouma, chokhuta ndiponso chotchingidwa ku mphepo. Chikanyowa, mphepo n'kuwomba, thupi limataya kutentha msanga, makamaka thole kapena mwana wa nkhosa amene alibe mafuta m'thupi. N'chifukwa chake nkhosa zikamaswa timazungulira usiku ndi tochi, ndipo mwana aliyense wobadwa timaonetsetsa kuti wauma ndi kuyamwa mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira, wofooka timamunyamulira m'shedi. Thole logona pansi ponyowa usiku wonse limagwidwa chibayo, ndipo mlongo wanga wanena kuti lathu linkatsokomola ndi kutuluka mamina masiku anayi lisanafe. Masiku anayi, ndipo palibe amene anapita kukaitana alangizi a ziweto. Mumuuze mng'ono wangayo kuti funso limeneli ndidzamufunsa ndi pakamwa panga.

Za mkaka nazonso si zodabwitsa. Ng'ombe ikazizidwa, chakudya chimene yadya chimapita kukafunditsa thupi, ndipo chotsala ndicho chimasanduka mkaka. Pamenepo onjezani kuti udzu wa nyengo ino ndi wouma wopanda thanzi, ng'ombe imadzaza mimba koma nthiti n'kumaonekabe. Kuno timaziikira chonyambita chosakaniza mchere ndi urea kuti zithe kugaya udzu woumawo. Koma chonde asayerekeze kutenga feteleza wa urea wa kumunda n'kupatsa ng'ombe pomva kuti ine ndatero, chifukwa akachuluka kapena akasungunuka m'madzi amvula amapha ng'ombe m'kanthawi kochepa. Kwathu madeya, nsenjere za kudambo, masangwi a mtedza ndi mchere pang'ono n'zokwanira, ndipo izi ndi zimene ndinalipirira kale.

Kuyambira lero ng'ombe isagonenso pamatope. Athire mchenga, pamwamba ayale udzu wouma, ndipo mbali ya mwera atchinge ngakhale ndi matumba kapena mpanda wa udzu kufikira malata atapezeka.

Ndamvanso kuti pabwalo pali njinga yamoto imene ikuchita kabaza pakati pa tauni ndi Luwinga, ndipo akuti ndi ya mnzake wa mng'ono wanga. Mwina ndi zoona, sindinaione ndi maso. Koma inafika mu Meyi, mwezi womwewo umene malata anayenera kufika, ndipo mnzakeyo palibe amene akumutchula dzina. Ine sindidana ndi bizinesi ya kabaza, akanandipempha tikanakambirana ngati amuna. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndalama imeneyo ndinaipeza ndikudzuka 4 koloko m'mawa zala zitauma mpaka kulephera kumanga zingwe za nsapato, ndikugona m'chipinda cha malata chimene mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi. Chifuwa chimene ndinadwala mu Juni ndinachitengera kubusa, ndipo masiku atatu amene ndinagona sanandilipire. Sindinakuuzeni pa nthawiyo kuopa kukudandaulitsani.

Amayi, ndikudziwa kuti iye ndi chitsiriza chanu ndipo mumamuikira kumbuyo, koma ng'ombe ija si yake, si yanganso ndekha. Mkaka wake ndiwo umalipira sukulu ya adzukulu anu ndi kugula mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi. Thole lija linali lalikazi, likanakhala ng'ombe yachiwiri yamkaka m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ndinkawerengera kuti ikadzayamba kukamidwa ine ndibwerere kwathu. Tsopano kuwerengera konseko kwabwerera m'mbuyo.

Za kudimba, mpongozi wanu wandiuza kuti matimati ndi mbatata ya kachewere zapsa masamba. Ayang'anitsitse asanawononge ndalama. Ngati masamba anada usiku umodzi wokha, kumwamba kutayera popanda mitambo kapena mphepo, ndipo zapsa kwambiri ndi za kumunsi kwenikweni kwa dambo, chimenecho ndi chisanu, pakuti mpweya wozizira umatsetserekera kumalo otsika ngati madzi, ndipo mankhwala sangathandize. Koma ngati pali mawanga akuda amene akufalikira pang'onopang'ono m'masiku a nkhungu ndi mawawa, ndi chiwawu, ndipo akafunse alangizi za mankhwala opopera, masamba odwalawo awathothole n'kuwakwirira kutali. Kumunsiko chaka chamawa adzabzale kabichi ndi mpiru, zimene zimapirira, matimati adzakwere kumtunda. Kuno ndi chimodzimodzi: mbatata ndi nyemba chisanu chikazipeza m'munda zimada ngati zawauka ndi moto, pamene tirigu amene tadzala mwezi uno ndi watha sachiopa akadali wamng'ono, amangoopsezedwa ndi chisanu chochedwa chimene chimabwera atayamba kutulutsa ngala. Ndamva kuti alimi a zipatso za cherry cha ku Ficksburg amachita kukondwera ndi kuzizira, chifukwa mitengo yawo sichita maluwa bwino ngati sinazizidwe mokwanira. Ndinaseka nditamva, poganiza kuti chimene chikundiswa milomo ine ena akuchipempherera.

Anapiye aja asawalowetse m'chipinda chogona ana pamodzi ndi mbaula. Utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha mwakachetechete, ndipo kuno chaka chilichonse timamva za anthu amene anagona ndi mbaula osadzukanso. Mbaula ikhale m'khola la nkhuku, pazenera pasiyidwe mpata, ndipo katemera wa chitopa asaiwalike mphepo yotentha isanayambe.

Pano udzu wonse wauma, ndipo mantha athu tsopano ndi moto wolusa, umene ukabuka ndi mphepo ya mu Ogasiti umatha msipu wa famu yonse masana amodzi. Sabata yonse ino tikulambula ndi kutentha njira zotchingira moto m'malire, kotero foni ndizidzayatsa madzulo okha. Ndikamaotcha udzu umenewu ndimakumbuka fungo la mbatata yootcha pamoto wa m'khitchini mwanu, ndipo pakhosi pamandiuma.

Ndatumiza R2,000, koma ulendo uno ndalemba dzina la mpongozi wanu, ndipo mng'ono wanga asakhudzeko ngakhale tambala. R1,400 ndi ya malata ndi misomali, yotsalayo agule madeya ndi mchere, ndipo achotsepo yoyendera alangizi kuti adzaione ng'ombe, chifukwa ngati thole linafa ndi chibayo sindikufuna kumva kuti make nayenso wayamba kutsokomola. Risiti ya malata aijambule anditumizire, ndi chithunzi cha khola litafoleredwa, inu mutaima pambali pake kuti ndidziwe kuti ndi lathu. Malume muwaitane Lamlungu likudzali akhale pansi ndi mnyamatayo, ndipo afotokoze pamaso pawo kumene R4,700 inapita. Ngati ili mu njinga ija, ndalama ya kabaza izibwera kwa inu Loweruka lililonse mpaka itakwana. Ndidzaimba Lamlungu lomwelo nthawi ya 7 koloko madzulo, foni ikhale ndi moto ndipo iye akhale pomwepo.

Ndine mwana wanu woyamba,
kuno ku Harrismith