Kalata yochokera ku khola la mahatchi

Kyalami, Joni

Amwene a Mbewe,

Kalata yanu yafika ndi Chikondi pamodzi ndi usipa uja, ngakhale kathumbako kafika kopepuka ndipo mwini wake akulumbira kuti sanakhudzeko. Ndaseka mpaka kutsamwa pamene mwalemba kuti pobwera pa Khirisimasi ndikutengereni hatchi yokokera ngolo ya fodya. Hatchi yake iti, amwene? Inu mukuyesa ndi ng'ombe za bambo anu aang'ono zija, zoti mwana amangozitsegulira m'mawa n'kukazikusa madzulo?

Kuno tili nazo zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse ili ndi mutu wake. Yaitali kuposa zonse ndi ya mtundu wa Thoroughbred, inkathamanga mipikisano ku Turffontein isanapume. Jumbo ikangouluka ndi mphepo imanjenjemera thupi lonse n'kundikoka ndi chingwe chomwe. Kudya imadya kuposa zinzake, koma nthiti zimawerengekabe. Za mtundu umenewu kuno amaziwerengera zaka pa 1 Ogasiti, kaya zinabadwa mwezi wanji, ndiye tsiku limenelo madamu amabwera ndi thumba la makaroti. Tsiku langa lobadwa sanafunsepo.

Pali ziwiri za mtundu wa Boerperd, zofatsa, zolimba ziboda, ndi zomwe ana ophunzira amakwera. Izo zokha ndiye zingakumvereni, koma mukonzekere wodula ziboda pakatha masabata asanu ndi limodzi alionse, udzu wa teff ndi lucerne wochita kugula, madzi ndowa ziwiri patsiku iliyonse. Mayi a Tadala akatunge pamjigo madzi a hatchi? Mukawauze nokha, ine ndisakhalepo. Ina ndi yaing'ono ya zaka zitatu, sinakweredwepo ndi munthu, imangofuna kuluma chilichonse.

Ndiye pali Gogo, wa zaka 29. Mano anatha, chakudya chake timayamba tachiviika m'madzi. Mwezi watha m'mimba munamutsekeka usiku. Hatchi siisanza, amwene, ndiye zikavuta m'mimba imatuluka thukuta, kumadziyang'ana m'nthiti, kufuna kugubuduka pansi. Ndinamuyendetsa pabwalo mumdima kudikira dokotala, ndikumuyankhula m'Chichewa, iye ataika mutu paphewa panga. Usiku umenewo ndi womwe Yohane anandiimbira za maliro a azakhali. Ndinamva ndili ndi chingwe m'manja. Anthu anagona pasiwa kwathu, ine ndikuzungulira ndi hatchi ya eni ake. Gogo anachira.

Koma amene adzandiphe ndi Kamfiti. Dzina limenelo ndinamupatsa ndine, madamu ali ndi lawo lokoma. Ndi kahatchi ka mtundu wa Shetland, msinkhu wake umalekera m'chiuno mwangamu, mimba ikutsala pang'ono kukhudza pansi. Amatsegula chokhomera cha khola ndi milomo, ndipo akatuluka amapita kukatsegulira anzake. Ndinamanga ndi waya, waya anamasula. Wandidyera buledi ndi pepala lomwe. Wanding'ambira thumba la ovolosi chifukwa munanunkha switi. Alendo akabwera amaweramitsa mutu, ana n'kumamusisita, makolo n'kumamujambula, ine ndili potero ndi chipsera pantchafu.

Vuto lake ndi loti mvula ikagwa udzu wanthete umamudwalitsa ziboda, zimatentha mkati mpaka kulephera kuponda. Ndiye amavala kadengu kukamwa kuti azidya pang'onopang'ono. Kadengu kameneko ndakatola pampanda, ndakavuula m'chomwera madzi, tsiku lina kanapezeka pansi pa galimoto ya madamu. Akadwala, wolakwa adzakhala ndani? Iye sadzafunsidwa. Dzulo ndalota atakwera basi pa Park Station ndi pasipoti yanga, akudutsa pa Mwanza, inu mukumulandira ndi nkhuku. Musaseke. Ndikamamwa tiyi amandiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti amadziwa pomwe ndimabisa makiyi.

Panopa tikuthamanga ndi katemera. Kuli matenda a mahatchi obwera ndi timbulimbuli touluka madzulo, tochepa kuposa udzudzu, ndipo amapha msanga. Amabaya pakati pa Juni ndi Okutobala, kenako dzinja lonse, makamaka kuyambira Febuluwale mpaka chisanu chigwe, tizizitsekera dzuwa lisanalowe ndi kuzipopera mankhwala. Kamfiti akangoona botolo la mankhwalawo amatembenuza matako. Yothamanga ija imafuna anthu awiri kuti iime.

Kunena zoona, madamu akuti malo ano akugulitsa, ogula akufuna kumangapo nyumba. Akupita ku Cape ndi mahatchi awiri okha. Za ine sananene kanthu, za Gogo anangokhala chete, ndipo chete ameneyo ndamumva bwinobwino. Musawauze mayi kaye. Chomwe chikundiwawa n'choti pa awiri opitawo Kamfiti ali pomwepo.

Nsapato zomwe munapempha ndapeza koma ndi nambala 9, mudzaika nyuzipepala. Za ndalama ya malata ija muwauze a Nabanda kuti asadere nkhawa, kutha kwa mwezi ndikangolandira ndi

Pepani, chitseko cha kosungira chakudya chalira, ndipo pepala latha.

Ndine wanu,
Phiri