Za chiganizo chija cha "made a mockery of me"

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tilipo, kungoti takusowa. Nkhani yako ija ndaiwerenga kawiri ndipo yandisangalatsa, koma pali chiganizo chimodzi chimene sindikufuna chifike kwa mkonzi chili chomwecho.

Walemba kuti anzako a kuntchito "made a mockery of me" tsiku lija unaphonya kutchula dzina la mlendo. Nditafika pamenepo mtima unandiwawa, ndimayesa anakunyazitsa pagulu. Koma m'munsi mwake ukuti nonse munaseka mpaka misozi, iwenso uli momwemo. Ndiye kuti mawu wasankhawa alemera kuposa zimene zinachitika.

"Make a mockery of" si kusereulana ayi. Ndi kutenga chinthu choyenera ulemu n'kuchisandutsa chachabechabe, ndipo kawirikawiri chinthucho sichikhala munthu. Chimakhala lamulo, lonjezo, chisankho, ukwati. Woweruza akalandira chiphuphu n'kumasula wakuba, olemba nkhani amati "he made a mockery of justice". Palibe waseka pamenepo, ndi mawu a munthu amene zamupsetsa mtima. Ukadzawagwiritsa ntchito pamalo pake, usasiye ka "a" kali pakatiko, ambiri amakameza.

Zimene anachita anzakowo ndi "poked fun at me", kapena mwachidule "teased me". Kumeneko ndiye kusereulana kwa anthu odziwana, kopanda chiwembu. "Made fun of me" ndikukayika nayo pankhani yakoyi. Nthawi zina imakhala nthabwala chabe, koma imakonda kuluma, ngati ana akamatonza mnzawo wovala nsapato zong'ambika. Timawu takumapetoto usatisinthanitse: "poke fun" amayenda ndi "at", "make fun" amayenda ndi "of".

Mwina wamvanso anthu a ku Britain akuti "take the mickey out of". Tanthauzo lake likugwirizana ndi nkhani yako, koma ndi mawu a pocheza, ndipo wowerenga wa ku America atha kusokonezeka nawo.

Ndalimbikira chonchi chifukwa m'nkhani yonseyi anzakowo wawalemba ngati anthu amene anakulandira ndi manja awiri, ndipo sindikufuna chiganizo chimodzi chiwaipitsire mbiri. Ukonze, unditumizirenso ndione Lachisanu lisanafike.

Upereke moni kwa onse kunyumbako.

Ndine mnzako wapamtima.