Kwa mphwanga, za nyimbo ija unanditumizira

Mphwanga,

Ndikhulupirira nonse mukudzuka bwino kumeneko. Ine kuno ndilipo, kungoti ntchito yandipanikiza. Loweruka usiku ndinapeza mpata womvera nyimbo yako ija, ndipo ndinaibwereza kanayi. Mawu ako ali bwino, usawakhudzenso. Koma kiyibodi ndi ng'oma zikukokanakokana, ndipo ndadziwa chimene unachita: unasankha manotsi onse mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo ija, n'kudina Ctrl+Q kuti ichite quantize, n'kumati wakonza.

Quantize ilibe makutu, mphwanga. Imangotenga notsi iliyonse n'kuikokera pa mzere wogawa nthawi umene uli pafupi, osafunsa kuti iweyo umafuna mzere uti. Taona: nyimbo ikamayenda pa 120 BPM (kugunda ka 120 pa mphindi), kugunda kumodzi ndi theka la sekondi, ndipo mizere ya 1/16 imatalikirana mamilisekondi 125. Chala chikachedwa kupitirira theka la kampata kameneko, notsi ija imakagwera pa mzere wotsatira. Kachedwedwe kamene khutu likadakhululuka kasanduka cholakwa chomveka ndi aliyense. N'zimene zachitika pa vesi yachiwiri paja.

Koma vuto lalikulu lili pa ng'oma. Mmene unaziimbira, kugunda kulikonse kukugawika patatu, pamene mizere unasankha ikugawa panayi. Ndiye kompyuta yakakamiza zitatu kuti zikhale m'malo a zinayi, n'chifukwa chake zikumveka ngati munthu wotsimphina. Bweza kaye zonse mmene zinalili, usinthe snap, pamene umasankhira kagawidwe ka mizere, ikhale 1/3 beat, kenako uyesenso. Udzadabwa.

Chinanso, ndaona kuti pamene sunakhudze, manotsi ako onse akutsalira pang'ono mofanana. Kumeneko si kulephera kwa zala ayi, ndi kompyuta imene ikuchedwa kutulutsa mawu ukadina. Yang'ana buffer, kachigawo ka mawu kamene kompyuta imayamba yakonza isanawatulutse. Ikakhala 1024 pa 44.1 kHz, ndiye kuti mamilisekondi 23 apita kale usanamve kanthu. Pojambula uitsitse ifike 128, amene ndi mamilisekondi atatu okha, ndipo ugwiritse ntchito driver ya ASIO, imene imathandiza kuti mawu atuluke msanga. Kompyuta ikayamba kuthetheka, kweza pa 256.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Chaka chatha, ku studio kumene ndimathandizira madzulo, ndinawongola besi ya bambo wina wachikulire, notsi iliyonse ndendende pa mzere, ndikudziona ngati katswiri. Atamva anangoti duu. Kenako anati nyimboyo si yawo. Iwowo amaimba motsalira pang'ono dala, ndipo kukoma konse kunali pomwepo. Ndinachezera usiku wonse kubwezeretsa.

Kuyambira pamenepo sindikoka mpaka pa mzere. Dina Alt+Q m'malo mwa Ctrl+Q, pakutsegukira pamene ungasankhe kuti manotsi asendere motani. Ine ndimakonda asendere pang'ono kupitirira theka la ulendo, basi. Kick ndi snare ukhoza kuziumitsa, pakuti ndizo mizati. Hi-hat ndi kiyibodi uzisiye zipume. Ngakhale Roger Linn, amene anakonza makina oimbira ng'oma a MPC60 ndi kampani ya Akai mu 1988, anaikamo swing yochedwetsa dala notsi yachiwiri iliyonse: pa 50 peresenti zimayenda mowongoka, pa 66 zimamveka ngati zogawika patatu. Ngati opanga makinawo anaona kuti kuwongoka kwambiri sikuvinitsa, ife ndife yani?

Za gitala ndinene mwachidule. Imeneyo unajambula ndi maikolofoni, si MIDI imene imalemba manotsi mu kompyuta, ndiye ilibe manotsi oti ungowasuntha. Kuiwongola n'kuidula kapena kuitamula, ndipo ukaitamula kwambiri imamveka ngati ikulirira m'madzi. Mwatamulapo pa kolasi, ndamva. Uuze mnzako wa gitalayo aimbenso, metronome yowerenga kugunda ili m'makutu. Mphindi khumi zikwana.

Ukakonza unditumizire project yonse, osati mp3 yokha, kuti ndione manotsi ndi maso anga. Ndipo usanayambe, sunga kope lina la zimene unaimba poyamba, chifukwa ndikukudziwa iwe ndi kufufuta.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti chifuwa chija chinatha, asadandaule. Alongo athu uwauze ndiwaimbira Lamlungu masana.

Ndine mkulu wako.